Kodi a Beatles ankapeka bwanji nyimbo pamene sankadziwa kuwerenga manotsi?

Funso: Ndimaimba gitala m'bandi ya anyamata anayi, ndipo pakati pathu palibe anapitako kusukulu ya nyimbo. Mkulu wina anandiuza kuti a Beatles, bandi ya ku England ija, nawonso sankadziwa kuwerenga manotsi. Kodi ndi zoona? Ngati ndi choncho, luso lopeka analitenga kuti? Komanso pa nyimbo zawo pamalembedwa maina awiri, Lennon ndi McCartney. Kodi ankakhaladi pansi awiriwiri n'kupeka, kapena anali mapangano chabe?

Yankho: Mkuluyo sanakunamizeni. Mpaka pamene bandiyo inatha mu 1970, pakati pa John Lennon, Paul McCartney, George Harrison ndi Ringo Starr panalibe wodziwa kuwerenga kapena kulemba manotsi. Koma nkhani imeneyi ndimaifotokoza mosamala, chifukwa achinyamata ambiri amene ndawaphunzitsa gitala amaimva ngati ikutanthauza kuti anyamatawo sanaphunzire nyimbo. Anaphunzira ndithu, mokhetsa thukuta kuposa ambiri okhala ndi masatifiketi. Sukulu yawo inali khutu, zala ndi nyimbo za eniake mazanamazana. Kuchokera tsiku limene John ndi Paul anakumana kufika pamene nyimbo yawo yoyamba inatuluka pa chimbale, panadutsa zaka 5 ndi miyezi itatu. Yankho la funso lanu lagona m'zaka zimenezo.

Onse anayi anabadwira ku Liverpool pakati pa 1940 ndi 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Liverpool ndi mzinda wa padoko, ndipo mabomba anaugumula kwambiri. Mu 1956 kunabuka mtundu wa nyimbo wotchedwa skiffle, umene unafala kudzera mwa Lonnie Donegan ndi nyimbo yake ya "Rock Island Line". Skiffle sinkafuna ndalama. Pankangofunika gitala yotchipa, thabwa la malata lochapirapo zovala lomwe ankalikwecha ndi zala m'malo mwa ng'oma, ndi besi ya chingwe chimodzi yopangidwa ndi bokosi la tiyi ndi mtengo wa tsache. Amene munaonako babatoni simungavutike kuiona m'maganizo besi imeneyi. Anyamata zikwizikwi m'dziko la Britain anayambitsa timabandi, ndipo kena mwa ito kanali ka John, kotchedwa The Quarrymen, dzina lochokera ku sukulu yake ya Quarry Bank.

Pa 6 Julayi 1957 kagulu aka kankaimba pa chisangalalo cha tchalitchi cha St Peter's m'dera la Woolton. Mnzawo wina anabwera ndi mnyamata wa zaka 15, Paul. John, wa zaka 16, nthawi imeneyo ankagwira gitala mmene amagwirira banjo, poti ndi mmene mayi ake, Julia, anam'phunzitsira, ndipo mawu a nyimbo akawaiwala ankangodzipekera ake pomwepo. Paul anatenga gitala, n'kuichuna bwinobwino, n'kuimba "Twenty Flight Rock" ya Eddie Cochran osaphonya liwu. John anadzafotokoza pambuyo pake kuti anavutika mumtima: kum'lowetsa mnyamata woimba bwino chotere kukanalimbitsa bandi, koma kukanachepetsa ufumu wake. Anasankha kulimbitsa bandi. Ine ndimaona kuti pa zosankha zonse za m'mbiri ya a Beatles, chachikulu n'chimenechi, ndipo mabandi ambiri amafera pamenepa, mtsogoleri akamasankha anzake omwe sangam'pose. George analowa chaka chotsatira, ali wamng'ono pa onse, atawaimbira nyimbo ya gitala yokhayokha yotchedwa "Raunchy" m'chipinda chapamwamba cha basi.

Chinawalumikizanso John ndi Paul ndi chisoni. Mayi a Paul, Mary, amene anali mzamba, anamwalira ndi khansa mu Okutobala 1956, Paul ali ndi zaka 14. Mayi a John anagundidwa ndi galimoto mu Julayi 1958. John anali ataleredwa ndi mayi ake aakulu a Mimi, ndipo imfayo inabwera pamene anali atangoyamba kuzolowerananso ndi mayi ake. Nyimbo zawo zoyambirira sizitchula zimenezi, n'zachikondi cha achinyamata basi. Koma anyamata awiri amasiye akamakhala limodzi tsiku ndi tsiku, pamakhala kukhulupirirana kumene kumalola wina kuuza mnzake kuti mzere uwu ndi wopanda pake, mnzakeyo osapsa mtima. Popanda zimenezo kupekera limodzi sikutheka.

Malo awo opekera anali kunyumba kwa Paul, pa nambala 20 Forthlin Road. Ankajomba kusukulu bambo a Paul ali kuntchito, n'kukhala pabalaza moyang'anizana, aliyense gitala pamwendo. Paul ndi wamanzere, choncho John akayang'ana zala za mnzake zinali ngati akudziona pagalasi. Mawu ankawalemba m'kope la kusukulu, ndipo pamwamba pa tsamba ankalembapo kuti iyi ndi nyimbo inanso ya Lennon ndi McCartney, pamene kunja kunalibe aliyense wowadziwa. Popeza manotsi sankawadziwa, m'kopemo munkangokhala mawu ndi maina a ma chord. Chuni ankachisunga m'mutu. Apa ndi pamene kusadziwa kuja kunawabalira phindu, pakuti anadziikira lamulo lakuti ngati mawa lake chuni achiiwala, ndiye kuti sichinali chabwino, poti munthu wongochimva kamodzi pawailesi sangachikumbukire ngati eniake alephera. Lero timajambula kalikonse pafoni, ndipo timasunga zinthu zambiri zoyenera kuiwalika. Yesani lamulo lawoli kwa mwezi umodzi muone nyimbo zingati zipulumuke.

Ma chord ankawasaka ngati mmene mlenje amatsatira mapazi a nyama. Paul amakonda kusimba kuti atadziwa E ndi A, anamva kuti kutsidya lina la mzinda kuli munthu wodziwa B7. Anakwera basi, n'kusinthanso ina, kukam'peza munthuyo, n'kubwerako ndi chord imodzi yokhayo. Inu woimba gitala mukudziwa chimene anapita kukatenga: ndi E, A ndi B7 munthu atha kuimba pafupifupi nyimbo iliyonse ya rock and roll ya nthawi imeneyo. Kwa Buddy Holly anaphunzirako kuti woimba atha kudzipekera yekha nyimbo ndi ma chord atatu, ndipo dzina loti Beatles linatengera la bandi yake, The Crickets, onse awiri maina okumbutsa tizilombo. Kwa Everly Brothers anatengako kaphatikizidwe ka mawu awiri oyenda moyandikana. Kwa Chuck Berry, mawu osimba nkhani. Kwa Little Richard, kukuwa. Paul anali ndi chuma china chapakhomo: bambo ake, Jim, anali ndi bandi ya jazi m'zaka za m'ma 1920 ndipo ankaimba piyano m'nyumba, moti mwanayo anakula akumva nyimbo zakale za ma chord ambiri, zimene anyamata anzake ankaziona ngati za nkhalamba.

Kenaka kunabwera Hamburg. Mu Ogasiti 1960 anapita ku Germany ali asanu: John, Paul, George, Stuart Sutcliffe pa besi ndi Pete Best pa ng'oma. Anayambira m'kalabu ya Indra, kenaka Kaiserkeller, m'dera la St Pauli lodzaza mabala ndi amalinyero. Ankagona m'tizipinda topanda mawindo kuseri kwa kanema wa Bambi Kino, pafupi ndi zimbudzi. Ankaimba maola anayi, asanu, ngakhale asanu ndi limodzi usiku uliwonse, mwini kalabu akuwakalipira m'Chijeremani kuti achite zoti anthu aone. Sindikufuna kukukometserani moyo umenewu. Ankameza mapiritsi oletsa tulo otchedwa Preludin kuti apirire, George anathamangitsidwa m'dzikomo chifukwa anali ndi zaka 17 zokha, ndipo Stuart, amene anasiya bandi n'kutsalira ku Hamburg, anamwalira komweko mu Epulo 1962 ali ndi zaka 21. Besi ija anaitenga ndi Paul.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti m'zaka za ku Hamburg, John ndi Paul anapeka nyimbo zochepa kwambiri. Koma kuti mudzaze maola asanu ndi limodzi osabwerezabwereza, muyenera kudziwa nyimbo zosawerengeka, ndipo iwo ankaimba chilichonse: rock and roll, country, nyimbo za m'masewero ngati "Till There Was You", kenaka za magulu a atsikana akuda a ku America ngati The Shirelles ndi za kampani ya zimbale ya Motown. Nyimbo ukaiphunzira ndi khutu, umaiphwasula ngati makanika aphwasula injini. Umadziwa pamene kolasi imalowera, chord imene imabweretsa chisoni mwadzidzidzi, malo amene ovina amatopa. Ndipo yankho limabwera nthawi yomweyo, chifukwa munthu woledzera sanamizira kusangalala. Anapita ku Hamburg maulendo asanu pakati pa 1960 ndi 1962, ndipo kwawo ku Liverpool anaimba m'kalabu yapansi panthaka ya Cavern pafupifupi ka 300. Nthawi yonseyi ankadzaza nkhokwe. Zimene anadzapeka kuyambira 1962 ankatapa m'menemo.

Chinawabwezera ku kope lija ndi vuto limene mwina inunso mwakumana nalo. Ku Liverpool kunali mabandi ambirimbiri, ndipo usiku umodzi pankaimba angapo. Mukudikira kuseri, bandi yomwe ili pasiteji n'kuimba nyimbo zomwezo zimene munakonzekera. Poyamba a Beatles ankathawa vutoli posaka nyimbo zosadziwika, za kuseri kwa zimbale zing'onozing'ono. Koma nazonso anzawo ankazitulukira. Nyimbo yokhayo imene wina sangakuyambirire kuimba ndi imene wapeka wekha.

Brian Epstein, amene ankayendetsa sitolo ya zimbale ya NEMS, anawaona ku Cavern pa 9 Novembala 1961 n'kukhala manijala wawo. Pa 1 Januwale 1962 anakayesedwa ku kampani ya Decca ku London. Anaimba nyimbo 15, zitatu zokha zawozawo, ndipo anakanidwa. Amene anawalandira ndi George Martin wa ku Parlophone, nthambi ya kampani ya zimbale ya EMI, munthu wophunzira nyimbo kusukulu. Mu Ogasiti chaka chomwecho Pete Best anachotsedwa, n'kulowa Ringo Starr kuchokera ku bandi ya Rory Storm and the Hurricanes.

Nthawi imeneyo mwambo unali wakuti wopeka ndi wina, woimba ndi wina. Martin anawapatsa nyimbo ya Mitch Murray yotchedwa "How Do You Do It", ali wotsimikiza kuti igulidwa. Anyamatawo anaijambula monyinyirika, koma anaumirira kuti akufuna kutulutsa yawo. Martin sanalakwitse pa nyimboyo, pakuti gulu la Gerry and the Pacemakers litaitenga linafika nayo pa nambala 1 mu 1963. A Beatles anatulutsa "Love Me Do" pa 5 Okutobala 1962, ndipo inangofika pa nambala 17. Kunena zoona, si nyimbo yozama. Vesi yake imayenda pa G ndi C, D n'kudzalowa pakati, ndipo chimene chimaikoka ndi kalimba kapakamwa ka John. Koma akanagonja tsiku limenelo, akanakhala oimba nyimbo za eni mpaka kutha kwawo.

Yotsatira, "Please Please Me", imaonetsa ntchito ya khutu lachitatu. John anaipeka ili yodekha, potsanzira kaimbidwe ka Roy Orbison. Martin ataimva anati ikukwawa, aifulumizitse. Atabwera nayo yothamanga, mawu a Paul atakhazikika pa noti imodzi pamwamba pamene a John akutsika, inasanduka nyimbo ina. Pa 11 Febuluwale 1963 anajambula nyimbo 10 tsiku limodzi kuti akwanitse chimbale choyamba chachikulu, John ali ndi chimfine, n'kumalizira "Twist and Shout" mawu atatsala pang'ono kutheratu. Zinatheka chifukwa nyimbozo anali ataziimba kale pamaso pa anthu kosawerengeka. Pa nyimbo 14 za chimbalecho, 8 zinali zawo.

Tsopano pa funso lanu lachiwiri. Anagwirizana akadali achinyamata kuti nyimbo iliyonse imene mmodzi wa iwo apeke izilembedwa maina onse awiri, ndipo pangano limeneli analisunga mpaka bandi inatha. Pa chimbale choyamba chachikulu dzina la McCartney ndi limene linali patsogolo, kenaka anatembenuza. Koma pansi pa maina awiriwo pali nyimbo zopekedwa m'njira zosiyana.

Zina anapekadi maso ndi maso, makamaka mu 1963. "From Me to You" anaipekera m'basi ali pa ulendo woimba ndi Helen Shapiro. Nyimboyi ili mu C, koma ikafika pa chigawo chapakati, chimene iwo ankachitcha middle eight, imalowa pa G minor, chord yomwe khutu siliyembekezera, ndipo Paul amati pamenepo ndi pamene anaona kuti chitseko chatsopano chatseguka. Igwireni pa gitala yanu mumve mmene nyimbo imapendekera ngati bwato lakhota. "She Loves You" anaiyamba m'chipinda cha hotela ku Newcastle mu Juni 1963 n'kukaimalizira ku Forthlin Road. Nyimbo zawo zam'mbuyo zinali za ine ndi iwe, dala, kuti mtsikana womvera aziona ngati akuimbira iyeyo. Mu iyi woimba ndi mthenga: wakumana ndi mtsikana, ndipo akuuza mnzake kuti akukukondabe, pita ukapepese. Kusintha kochepa chotere kunabweretsa anthu atatu m'nyimbo ya mphindi ziwiri ndi pang'ono. Bambo a Paul ataimva anadandaula kuti mawu obwerezedwa m'kolasi ndi Chingerezi cha ku America, bwanji osaimba Chingerezi chabwino. Martin naye anati chord yomalizira, ya mawu atatu ophatikizana, ndi yachikale. Onse awiri sanamveredwe, ndipo nyimboyo inagulidwa kuposa ina iliyonse ku Britain m'zaka za m'ma 1960. "I Want to Hold Your Hand" anaipekera pa piyano m'chipinda chapansi cha nyumba ya makolo a Jane Asher, chibwenzi cha Paul, ku London. John anadzasimba kuti Paul atagunda chord ina, iye anakuwa kuti ndi yomweyo, aibwereze. Imeneyi ndiyo inawatsegulira America kumayambiriro kwa 1964.

Zina mmodzi ankabwera nazo zitatsala pang'ono kupsa, mnzake n'kuthira mchere. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi "I Saw Her Standing There". Paul anayamba ndi mzere wonena kuti mtsikanayo anali ndi zaka 17, wachiwiri n'kunena kuti sanakhalepo mfumukazi ya chiphadzuwa. John anaukana mzere wachiwiriwo, ndipo m'malo mwake anaikapo mawu ongoti ukudziwa chimene ndikutanthauza. Mzere woyamba uja unkafotokoza, watsopanowu ukukodola womvera kuti amalize yekha. Ndi mawu ochepa, koma ndiwo anachotsa nyimboyo m'gulu la nyimbo wamba. Besi yake Paul sabisa kuti anaitenga mu "I'm Talking About You" ya Chuck Berry, imene ankaiimba m'makalabu. Nkhokwe ija ndi imeneyo. Mu "We Can Work It Out" ya 1965 mutha kuwamva awiriwa payekhapayekha: mavesi a chiyembekezo ndi a Paul, chigawo chapakati chokumbutsa kuti moyo ndi waufupi ndi cha John.

Ndipo zina ndi za munthu mmodzi kotheratu. "Yesterday" ndi ya Paul, ndipo pojambula panalibe Beatle wina aliyense, komabe dzina la John lilipo. Njira yachidule yodziwira mwini nyimbo ndi kumvetsera amene akutsogolera kuimba, ngakhale siigwira nthawi zonse. Pa chimbale cha A Hard Day's Night cha 1964, choyamba kukhala ndi nyimbo zawo zokhazokha, 13 zonse, zambiri ndi za John. Apa mpikisano unali utayamba kugwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi kukhala maso ndi maso: wina akabwera ndi nyimbo yabwino, mnzake ankapita kunyumba mtima uli m'mwamba kuti mawa abwere ndi yoposa. Ngakhale nyimbo yopekedwa payekha inkayenera kudutsa pa khutu la mnzakeyo isanafike mu situdiyo, ndipo wopekayo ankadziwa zimenezi akadali pa mzere woyamba.

Popeza muli anayi, ndikuuzeniko mbali yowawa ya pangano limeneli. Linasiya George kunja. Nyimbo yake yoyamba, "Don't Bother Me", anaipeka yekha mu 1963 akudwala m'hotela ku Bournemouth, wopanda woti am'konzere mzere, ndipo kwa zaka zambiri ankapatsidwa malo a nyimbo imodzi kapena ziwiri pa chimbale. Timanoti tinayi ta gitala totsegulira "And I Love Her", timene aliyense amaizindikira nato nyimboyo, Paul amavomereza kuti anatibweretsa ndi George, koma dzina lake palibe. Ndalama nazo zinawapweteka. Mu 1963 anasayina kuti nyimbo zawo zikhale m'kampani ya Northern Songs, imene gawo lalikulu linali m'manja mwa wofalitsa nyimbo Dick James ndi mnzake. Mu 1969 James anagulitsa gawo lake ku kampani ya ATV osawafunsa, ndipo mu 1985 nyimbozo zinagulidwa ndi Michael Jackson pa madola 47.5 miliyoni. Inu ndi anzanu kambiranani za maina ndi magawo panopa, ndalama isanaoneke, ndipo musasayine pepala limene simunalimvetse.

Za manotsi zija, musazitaye. Pamene "Yesterday" inafuna oimba anayi a zeze za azungu, mavayolini awiri, viola ndi cello, panafunika munthu woti awalembere zoti aimbe, ndipo anali George Martin, Paul ali pambali pake pa piyano kunena chimene akufuna kumva. Anali ndi mwayi wokhala ndi munthu wotero. Ngati inu mulibe, kuphunzira manotsi kapena solofa sikungakuphereni luso, bola khutu likhale patsogolo.

Ngati mukufuna kumva ndi makutu anu zonse ndafotokozazi, sakani "One After 909". Ndi imodzi mwa nyimbo za nthawi ya kope la kusukulu lija, ya sitima yapamtunda, ya ma chord ochepa. Anayesa kuijambula mu Malichi 1963 koma inawakanika, ndipo zimene anajambula tsikulo zinadzatuluka mu 1995 pa chimbale cha Anthology 1. Mukamvetsera mumva akulakwitsa n'kumakangana. Kenaka mvetserani ya pa chimbale cha Let It Be, imene anaimba pa denga la ofesi yawo ku London pa 30 Januwale 1969, tsiku lomaliza kuimba pagulu. Nthawi imeneyo ubale wawo unali utasweka kale, koma John ndi Paul akuimba limodzi mawu awiri, ndipo m'kanema wa tsikulo akuyang'anana n'kumaseka.